Chigamba chosaoneka: sayansi yokonzera kapeti ya pulasitiki yong'ambika

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma cha mu April, mashopu a pa Kasungu boma, pa Santhe, pa Chamama ndi pa Nkhamenya amayamba kuona ndalama. Anthu amagula malata, njinga, masola, matiresi. Pa katundu wopita kumudziyo nthawi zambiri pamakhalanso mpukutu wa kapeti ya pulasitiki, ija yamaluwamaluwa kapena yooneka ngati matailosi, imene amagulitsa pa mita. Ikayalidwa pabalaza, nyumba imaoneka ina. Koma dzinja lisanathe mumapeza pakhomo yang'ambika, pamene panagwera khala la moto paboola, pakati yatupa ngati chithuza.

Apa ndiye vuto lagona: ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka. Kapeti ikaonongeka mu January, m'nyumba zambiri palibe amene angathamangire ina. Ena amangomatapo selotepi, ena kukhomapo misomali, ena kuikapo mpando kuti alendo asaone. Komatu malo oonongekawo angathe kukonzeka bwinobwino ndi mpeni, rula ndi guluu pang'ono, bola mudziwe chimene kapetiyo inapangidwa nacho komanso chimene chaiononga. Zonsezi ndi Chemistry ndi Physics imene mukuwerengera mayeso a MSCE.

Kapeti imeneyi ndi chiyani kwenikweni?

Dzina lake lenileni ndi vinyl, ndipo chopangira chachikulu ndi PVC, kutanthauza polyvinyl chloride. Ena amaitchula lino, koma linoleum yeniyeni ndi chinthu china. Imeneyo anaipanga Frederick Walton ku England m'zaka za m'ma 1860 kuchokera ku mafuta a mbewu ya linseed osakaniza ndi ufa wa matabwa kapena wa makungwa a cork. Imene imadzaza m'mashopu athu masiku ano ndi ya PVC.

PVC ndi polima, kutanthauza unyolo wautali wa tizidutswa tofanana tolumikizana. Kachidutswa kamodzi ndi vinyl chloride, CH2=CHCl. Bond yapawiri ya pakati pa maatomu a kaboni ikatseguka, molekyu iliyonse imagwirana ndi inzake, inzakeyo nkugwiranso ina, mpaka unyolo wa tizidutswa mazanamazana kapena masauzande. M'buku lanu izi amazitcha addition polymerisation. Kaboni ndi haidrojeni zimachokera ku mafuta kapena gasi wa pansi pa nthaka, pamene klorini amachokera ku mchere, uja timathira m'ndiwo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Maatomu 2 a kaboni ndi 24, maatomu 3 a haidrojeni ndi 3, klorini ndi 35.5. Zonse pamodzi 62.5. Gawani 35.5 ndi 62.5, mupeza pafupifupi 57 peresenti. Ndiye kuti kuposa theka la kulemera kwa PVC yosasakaniza ndi klorini. Nambala imeneyi muisunge, tidzaifuna tikamakamba za kuotcha zidutswa.

Mukayang'ana m'mbali mwa kapeti yokhuthala bwino, ya mamilimita 2 kapena 3, muona kuti ili ndi magawo. Pamwamba pali kachikopa koonekera mkati kamene timapondapo. Pansi pake pali chithunzi chosindikizidwa, maluwa aja kapena mizere ya matailosi. Kenako pali gawo lofewa ngati siponji, ndipo pansi penipeni pali chogwirizira. Makapeti otchipa amakhala opyapyala, ena osafika ndi milimita 1 yomwe, ndipo kachikopa kapamwambako kamakhala kochepa zedi. Kakangotha, maluwa amafufutika ndipo palibe polishi amene angawabwezeretse.

Paipi ya madzi ndi kapeti: bwanji zikusiyana?

Paipi ya madzi ndi PVC. Kapeti ndi PVC. Nanga bwanji ina ili gwa, inayo mukutha kuikulunga ngati mphasa?

Mu PVC yokhayokha maunyolo aja amakhala othithikana, ndipo maatomu a klorini amachititsa kuti unyolo uliwonse uzikokana mwamphamvu ndi woyandikana nawo. Palibe mpata woti aziterereka. Katswiri wina wa ku Germany, Eugen Baumann, anapeza PVC mu 1872, koma kwa zaka zambiri inalibe ntchito yeniyeni chifukwa inali yovuta kuumba. Mu 1926 Waldo Semon, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya B.F. Goodrich ku America, anapeza njira yoifewetsa poisakaniza ndi madzi ena ake onga mafuta. Madziwo amatchedwa plasticiser, koma ife pano tiziti mafuta ofewetsa. Mamolekyu ake ndi aang'ono, ndiye amalowerera pakati pa maunyolo nkuwatalikitsa, maunyolowo nkumatha kusuntha. Mu PVC yofewa mafutawa angathe kufika gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake.

Kwa mwana wa ku Kasungu izi si zachilendo ayi. Taganizirani fodya wa burley amene wauma m'chigafa. Masana dzuwa likuswa mtengo, tsamba mukangoligwira limafumbutuka. N'chifukwa chake alimi amadikira m'mamawa kapena tsiku la mitambo kuti fodya afewe, ndiye nkuyamba kusankha ndi kumanga. Tsambalo lapangidwa ndi cellulose, amene nayenso ndi polima. Mamolekyu a madzi ochokera mumpweya amalowa pakati pa maunyolo a cellulose, tsamba nkumapindika osathyoka. Madziwo akachoka, kufewa nako kwapita.

Mfundo yaikulu ya nkhani yathu ndi imeneyi: kufewa kwa kapeti ndi kobwereka. Mafuta ofewetsa sanamangidwe ku unyolo ndi bond ina iliyonse, angokhala pakati basi, choncho amatha kutuluka pang'onopang'ono. Kusiyana kwake ndi fodya n'kwakuti fodya amafewanso mawa m'mawa, pamene kapeti ikataya mafuta ake ndiye yataya.

Chinthu china chimene chimafewetsa PVC ndi kutentha. PVC ndi thermoplastic: ikatenthedwa imafewa, ikazizira imasunga maonekedwe atsopanowo. Ya mapaipi imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 80. William Kamkwamba wa ku Wimbe, konkuno ku Kasungu, anagwiritsa ntchito khalidwe limeneli ali ndi zaka 14. Popanga mapiko a makina ake opukusa magetsi ndi mphepo, anadula mapaipi a PVC, kuwawamba pamoto, nkuwaphwatalitsa. Ifenso tigwiritsa ntchito kutentha, koma kochepa kwambiri, pakuti kapeti ili kale ndi mafuta ofewetsa ndipo sichedwa kulobodoka.

Werengani bala musanamange

Dokotala wabwino safulumira kumanga bala asanafunse chimene chachitika. Kapeti nayo bala lililonse limanena chimene lachokera, ndipo mukamata chigamba osachotsa gwero lake, mwezi wamawa mudzamatanso.

Timabowo tozungulira ndi malo obonyoka. Apa wolakwa ndi mwendo wa mpando. Kumbukirani kuti pressure ndi force kugawa ndi area. Munthu wa makilogalamu 60 amakanikiza pansi ndi mphamvu ya manyutoni pafupifupi 600. Akaima ndi mapazi awiri, tinene kuti akuponda malo a 300 cm², pressure yake ndi 20,000 Pa. Akakhala pa mpando wachitsulo wa miyendo 4, mwendo uliwonse wa 1 cm² yokha, mwendo umodzi ukunyamula manyutoni 150, ndipo pressure ndi 1,500,000 Pa. Munthu ndi yemweyo, koma kuboola kwachuluka ka 75. Mankhwala ake ndi kukulitsa area: ikani kathabwa kosalala kapena kansalu kokhuthala pansi pa mwendo uliwonse. Mphira wa tayala musaikepo, chifukwa mankhwala a mumphira amalowa mu vinyl nkusiya banga lachikasu losachoka.

Kufufutika pakhomo. Dothi la m'zigwa za Kasungu lili ndi mchenga wambiri, ndipo mchenga ndi quartz, mwala wolimba moti umakala ngakhale galasi. Phazi lililonse lolowa ndi mchenga likugwira ntchito ya sandipepa. Kusesa tsiku ndi tsiku ndi kuika chopondera panja pa chitseko kumathandiza kuposa polishi aliyense.

Kuuma ndi kusweka pafupi ndi windo. Kuwala kwa ultraviolet kochokera ku dzuwa kumaononga maunyolo a PVC, ndipo kutentha kumafulumizitsa kutuluka kwa mafuta ofewetsa. Kapeti imachita chikasu, kuuma, kukhwinyata, kenako kusweka mukaipinda. Palafini, petulo ndi thinner nazo zimasungunula mafutawo nkuwatulutsa, ndiye musamachotsere dothi ndi zimenezi. Madzi ofunda ndi sopo pang'ono n'zokwanira.

Mafunde ndi makwinya. Zinthu zikatentha zimafutukuka, ndipo pulasitiki imafutukuka kuposa chitsulo. PVC yolimba imatalika ndi pafupifupi 0.00007 ya kutalika kwake pa digiri iliyonse. Tengani chipinda cha mamita 4, m'nyumba yamalata yopanda siling'i, ndipo kutentha kusinthe ndi madigiri 20, monga zimakhalira pakati pa m'mawa wa June ndi masana a October. Werengani: 4,000 mm × 0.00007 × 20 = 5.6 mm. Chitsulo chotalika chimodzimodzi chingatalike ndi pafupifupi 1 mm yokha. Mamilimita 5 akuoneka ochepa, eti? Koma ngati kapeti yakhomedwa misomali m'mbali monse kapena yakanikizana ndi khoma, kutalikako kulibe kolowera koma m'mwamba. Funde likadzuka, phazi limalipinda, ndipo popindikapo ndi pamene pamayambira kung'ambika. Siyani kampata kakang'ono m'mbali mwa khoma.

Matuza, fungo ndi nguwi pansi pake. Ameneyu ndiye mdani wamkulu, ndipo akufunika mutu wakewake.

Chinyontho chochokera pansi

Simenti wouma amaoneka ngati mwala, koma ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowoti timakoka madzi a m'nthaka monga momwe chingwe cha nyali ya koloboyi chimakokera palafini. Imeneyi ndi capillary action. Kuyambira November mpaka April nthaka imakhuta madzi, makamaka kwa amene anamanga pafupi ndi dambo. Pansi pakakhala posayala kanthu, chinyonthocho chimauluka osaonekera. Mukayala kapeti mwatseka njira, pakuti PVC silola madzi kudutsa. Madzi amaunjikana pansi pake.

Madzi amenewa si madzi wamba. Simenti ndi alkali wamphamvu, ndipo akakhala watsopano pH yake imafika 12 kapena 13. Mafuta ofewetsa ambiri ndi ma ester, ndipo ester akakumana ndi alkali ndi madzi amasweka, ngati mmene mafuta amasandukira sopo akakumana ndi caustic soda. Guluu wambiri naye amaonongeka chimodzimodzi. Zotsatira zake ndi kapeti yomatuka, yonunkha, yoterera kunsi.

Amisiri amakonda kunena za masiku 28, koma masiku amenewo ndi oti simenti alimbe, osati aume. Lamulo lachidule limene oyala pansi amatsata ndi loti simenti wopaka pamwamba amauma pafupifupi milimita 1 pa tsiku, ndiye wokhuthala mamilimita 50 akufuna masabata 7 kapena kuposa. Komanso ngati pomanga sanayale pepala lakuda la pulasitiki pansi pa konkire, chinyontho chizibwerabe chaka ndi chaka.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Dulani pepala la pulasitiki loonekera mkati, pafupifupi masentimita 45 mbali zonse. Liyaleni pa simenti wosesa bwino, mumate m'mbali monse ndi tepi kuti mpweya usalowe, mulisiye tsiku limodzi kapena awiri. Mukapeza timadontho kunsi kwa pepalalo, kapena simenti wadera, ndiye kuti pansi mpanyowa. Pamenepo musamate guluu. Ndi bwino kapetiyo ingoyalidwa osamata, kuti muzitha kuifunyulula nthawi ndi nthawi pansi papite mphepo. Izi zikukhudzanso nyumba zozira ndi dothi: guluu sagwira pa dothi, ndipo timiyala ndi mabampu amaboola kapeti kuchokera kunsi.

Kung'ambika pang'ono ndi matuza

Mwaonapo kuti paketi ya shuga ndi yovuta kung'amba, koma mukaidula pang'ono ndi lezala imangoti pwee mpaka pansi? Mphamvu yonse yokoka imaunjikana pa nsonga ya chong'ambikacho. Nsonga ikakhala yosongoka kwambiri, mphamvu yake imachulukanso. Ndiye kang'ambo ka sentimita imodzi musakanyoze, kakonzeni sabata yomweyo.

Choyamba tsukani ndi kuumitsa malowo, pamwamba ndi kunsi komwe. Fundikani kapeti kuti ifewe: ikanipo botolo la madzi otentha, kapena yalani nsalu yopinda kawiri nkudutsitsapo simbi yongofunda. Simbi isakhudze pulasitiki. Musagwire ntchitoyi m'mawa wozizira wa June, pamene vinyl imakhala yokakala, dikirani masana. Kwezani milomo ya chong'ambikacho, pakani guluu wochepa kunsi ndi kamtengo, bwezeretsani milomoyo kuti ikumane osapitirirana, pukutani guluu wotuluka, yalani pepala la pulasitiki, ikani thabwa, nkusanjikapo njerwa kapena mabuku kwa maola 24. Ngati kapeti ndi yongoyala, dulani kachidutswa kena nkukamata kunsi ngati mlatho wolumikiza mbali ziwirizo.

Chithuza pa kapeti yomata chimafuna kuti muyambe mwadziwa chimene chili mkati. Chengani kamzere kakang'ono motsatira mzere wa maluwa. Mukapeza madzi, bwererani ku nkhani ya chinyontho ija. Mukapeza mpweya wokha, ufinyeni utuluke, lowetsani guluu pang'ono, salazani kuchokera m'mbali kupita pa kamzereko, nkutsendereza.

Kudula kamodzi, zikopa ziwiri

Tsopano tafika pa bowo lenileni, monga la khala la pambaula. Ambiri amadula bowo, kenako nkuyeza ndi rula, nkudula chigamba padera. Zikatero chigamba sichilowa ndendende. Chifukwa chake n'chakuti dzanja la munthu limalakwitsa pang'ono nthawi iliyonse likamadula. Mukadula kawiri mwalakwitsa kawiri mosiyana, ndipo kusiyanako ndiwo mpata umene mumalowa madzi ndi dothi. Mukadula zikopa ziwiri pakamodzi, mpeni ukakhota wakhotera zonse. Bowo ndi chigamba zimatuluka mapasa.

Zofunika ndi izi: chidutswa cha kapeti ya mtundu womwewo, mpeni wa Stanley wokhala ndi lezala latsopano, rula yachitsulo, masking tape, guluu, botolo lagalasi, nsalu, thabwa ndi njerwa. Ngati simunasunge zotsala pogula, dulani chigamba pansi pa kabati kapena bedi pamene sipaoneka. Lezala si choseweretsa: pakhale munthu wamkulu, zala zikhale kutali ndi njira ya mpeni, ndipo muzidula molambalala thupi lanu.

1. Dulani chigamba chachikulu kuposa bala ndi masentimita 3 mpaka 5 mbali zonse.

2. Chiyaleni pamwamba pa bala, muchisunthe mpaka maluwa kapena mizere ilumikizane mbali zonse zinayi. Chiyang'ane komwe kapeti yonse yayang'ana. Mukachitembenuza, kuwala kumagwa mosiyana ndipo chimaonekera ngakhale maluwa atafanana.

3. Chimateni ndi tepi m'mbali monse kuti chisasunthe ngakhale pang'ono.

4. Ikani rula nkudula zikopa zonse ziwiri pamodzi. Ngati kapeti ili ndi mizere ya matailosi, dulani mumzere momwemo, chifukwa diso limayembekezera kale mzere pamenepo ndipo silidabwa. Mpeni uime chilili. Ukapendekera, mlomo umatuluka wotsetsereka ndipo chigamba chimakhala chachikulu kapena chaching'ono kuposa bowo. Ndi bwino kudutsitsa mpeni kawiri kapena katatu mopepuka kusiyana ndi kukanikiza kamodzi mwamphamvu.

5. Chotsani tepi, ikani chizindikiro kunsi kwa chigamba chosonyeza mbali ya kukhomo, nkuchotsa gawo loonongekalo. Ngati lamatirira, lifundikeni kaye.

6. Palani guluu wakale ndi fumbi. Ngati pali dzenje pa simenti, litsekeni liume. Kamwala kakang'ono ngati njere ya mapira kadzaonekera pamwamba ndipo kadzaboola.

7. Yesani chigamba musanapake guluu. Kenako pakani guluu mopyapyala pansi, ndi kunsi kwa milomo ya kapeti yakale.

8. Lowetsani chigamba, gubuduzani botolo kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke, pukutani, nkutsendereza ndi thabwa ndi njerwa maola 24. Osakolopapo kwa masiku awiri.

Chigamba chikaoneka chowala kuposa kapeti yozungulira, musadandaule. Yakaleyo yasuluka ndi dzuwa, ndipo pakapita miyezi ziwirizi zimayandikirana.

Guluu uti, ndipo amagwira bwanji?

Guluu amagwira akafika pafupi zedi ndi chinthucho, kulowa m'timing'alu take, mpaka mamolekyu a mbali ziwirizi ayambe kukokana. Choncho ayenera kuyamba wanyowetsa malowo. Dontho la madzi pa simenti wopaka polishi limangokhala lozungulira osafalikira, ndipo guluu amachitanso chimodzimodzi. Ngati pansi panu pankapakidwa polishi wofiira uja, mupale mpaka simenti weniweni aoneke, apo ayi mukumata phula osati simenti.

Woyenera kwambiri ndi guluu wa acrylic wopangira vinyl, woyera ngati mkaka, amene amauma madzi ake akamauluka ndipo anapangidwa kuti asaonongeke ndi mafuta ofewetsa. Funsani m'mashopu a hardware, ndipo muwerenge pachitini ngati palembedwa vinyl kapena PVC.

Guluu wa kontakiti, uja amagwiritsa ntchito okonza nsapato, ndiye amapezeka paliponse. Amapakidwa mbali zonse ziwiri, nkudikira mpaka asamamatirire chala, kenako nkugunditsa. Akagwira wagwira, simungasunthenso chigamba. Ali ndi mavuto awiri. Loyamba, mafuta ofewetsa a m'kapeti angathe kusamukira mwa iye pakapita nthawi, nkumusandutsa phala lonanda. Lachiwiri, fungo lake lija ndi solvent imene imagwira moto msanga komanso imaononga ubongo munthu akamaipuma. Tsegulani mawindo ndi chitseko, ndipo mbaula, kandulo, nyali ndi ndudu zikhale kutali.

Supa guluu amauma gwa ngati galasi. Kapeti ikapindika iye sapindika, ndiye mng'alu watsopano umayambira pambali pake. Guluu wa mapaipi a PVC ndi wosiyana ndi onsewa: amasungunula pamwamba pa PVC kuti maunyolo a mbali ziwiri alowerane, solvent ikauluka nkukhala chinthu chimodzi. Mankhwala otsekera mizere ya vinyl amagwira ntchito mwa njira yomweyi. Koma pa kapeti yopyapyala guluu wa mapaipi angathe kuboola kapena kufufuta maluwa, ndiye yesani kaye pa chidutswa chotaya.

Pamene muyenera kuleka

Pindani kangodya ka kapeti masana kukutentha. Kakathyoka ngati tsamba louma, mafuta ofewetsa atha, ndipo chigamba chilichonse chidzang'ambikira m'mbali. Dulani mbali zimene zikadali zofewa muziyale pashelefu kapena patebulo.

Chenjezo lalikulu likukhudza nyumba zakale, monga za m'maesiteti a fodya, za boma ndi za mishoni. Matailosi ambiri a vinyl ndi zogwirizira kunsi kwa vinyl zopangidwa zaka za m'ma 1980 zisanafike ankaziika asbestos, mwala wa ulusi umene unkakumbidwanso kwa anansi athu ku Zvishavane ndi Mashava m'dziko la Zimbabwe. Guluu wakuda wa nthawi imeneyo nayenso nthawi zina ankakhala nawo. Zikangokhala osasokonezedwa sizitulutsa fumbi lambiri. Koma mukazipala ndi sandipepa kapena kuziphwanya, tiulusi take timalowa m'mapapo ndipo timayambitsa matenda, kuphatikizapo khansa, patapita zaka makumi angapo. Ndi maso simungadziwe ngati muli asbestos. Mukakumana ndi pansi pakale chotere, musapale, musaphwanye, auzeni akuluakulu.

Zidutswa zotsala zipite kuti?

Mwaikumbukira 57 peresenti ija? PVC ikapsa, klorini amatuluka ngati mpweya wa hydrogen chloride. Mpweyawu ukakumana ndi chinyezi cha m'maso, m'mphuno ndi m'mapapo umasanduka hydrochloric acid, yemwe uja wa mu labu. Moto wofuka wa padzala umapanganso ma dioxin, poizoni amene amakhalitsa m'nthaka ndi m'mafuta a nyama. Ndiye chizolowezi chokolezera mbaula ndi pulasitiki n'choipa kale, koma ndi PVC n'choipitsitsa. Pa katundu wa pulasitiki, PVC mungaizindikire ndi nambala 3 m'kachizindikiro ka makona atatu.

Kuno kuli chifukwa chinanso. Ogula fodya amadana kwambiri ndi zinthu zosakhala fodya zopezeka m'belo, zimene amazitcha NTRM, ndipo pulasitiki ili m'gulu loopedwa kwambiri chifukwa imakapsera limodzi ndi fodya mu ndudu. Belo lopezeka ndi pulasitiki lingathe kubwezedwa kumsika. Tolani tizidutswa tonse mukamaliza, ndipo fodya asasankhidwire kapena kudindidwira pa kapeti yothetheka. Zidutswa zazikulu zisungeni mozikulunga, pamthunzi. Ndizo zigamba za chaka chamawa.

Yesani nokha

Tengani makoko awiri ouma a chimanga. Limodzi likulungeni m'nsalu yonyowa usiku wonse, linalo lisiyeni pouma. M'mawa apindeni onse. Kodi madzi achita chiyani ku cellulose?

Sanjikani mapepala awiri a nyuzipepala nkudula bokosi pakamodzi, kenako musinthanitse zidutswazo. Bwerezani podula pepala lililonse palokha ndi rula. Yang'anani mipata poloza kudzuwa. Njira iti yasiya mpata wochepa?

Matani mapepala awiri a pulasitiki pa simenti, lina pakati pa chipinda, lina pafupi ndi khoma lakunja. Chitani zimenezi mu October, mudzabwerezenso mu February. Lembani zimene mwaona, ndipo mukafotokozere anzanu ku kalabu ya sayansi chifukwa chake zasiyana.

Funso lomaliza, lowerengera: chipinda ndi cha mamita 5, ndipo kutentha kwasintha ndi madigiri 15. Pogwiritsa ntchito 0.00007 uja, PVC italika ndi mamilimita angati? Nanga musiye mpata wotani mbali iliyonse ya khoma?